Mutu 6: Chipata Chimene Darcy Adatseka

1. Malo amodzi okha

Basi idatsitsa makadeti pa famu ya Bambo Brandli Lachisanu madzulo, ndipo pofika Loweruka m'mawa padalibe ndi mmodzi yemwe amene sadalumidwe ndi kanthu.

Makadeti amenewa adali ana a sukulu ya sekondale ya m'tauni mwathu, amene amaphunzira za usilikali kamodzi pa sabata. Kawiri pa chaka amakagona kutchire. Ulendo wotere dzina lake ndi bivuwaki, koma kwathu kuno kuchigawo cha Wimmera anthu sakonda mawu ataliatali, choncho onse amangoti bivi.

Pa bivi sipakhala matenti. Aliyense amalandira lona laling'ono ndi chingwe, n'kulimanga pakati pa mitengo iwiri ya bulugamu. Womanga bwino amagona bwino. Womanga mwaulesi amadzuka lona lili kumaso.

"Nyumba yakoyi wakumangira ndani, aise?" adafunsa Thuy Pham, mtsikana wamng'ono kuposa onse, akuloza lona la Darcy Vella limene lidali litagweratu pansi.

"Nzeru zimenezo," adayankha Darcy ali m'kati mwake. "Mdani akabwera aziyesa mulu wa zinyalala."

"Sakhala atalakwitsa."

"Tulukamo, Darcy, a Kapiteni akuitana," adatero Bronte Mackie.

Bronte adali mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ndipo aka kadali koyamba kuti atsogolere gulu. M'gulu lakelo mudali Thuy, Darcy amene adali atangosamukira kumene kwathu kuchokera mumzinda wa Melbourne, ndi anyamata awiri amapasa a kwa Nuske, amene sankalankhula pokhapokha nkhani ikakhala ya chakudya.

A Kapiteni Doolan, mayi amene pakati pa sabata amayendetsa ambulansi, adaima pa chitsa.

"Tamverani bwino. Lero kuli mpikisano wofufuza njira. Magulu alipo atatu, ndipo lililonse lilandira mapu, kampasi ndi wailesi yolankhulirana. M'famu muno mwabisidwa mbendera. Pa mbendera iliyonse mutengepo kansalu kamodzi. Gulu liyendere limodzi. Likagawikana, latuluka mu mpikisano. Tsono nkhani yaikulu nayi. Pa tchuthi chikubwerachi kuli maphunziro a atsogoleri ku likulu, ndipo ife atipatsa malo amodzi okha. Mtsogoleri wa gulu limene liyambe kufika pa shedi yometeramo nkhosa ndiye adzapite."

Bronte adakhala akufuna maphunziro amenewo kuyambira tsiku limene adavala yunifolomu. Aliyense ankadziwa zimenezi, makamaka Fergus Lowe, mtsogoleri wa gulu lachiwiri.

"Usadandaule, Mackie," adatero Fergus. "Ndikakafika kumeneko ndidzakutumizira chithunzi."

"Ujambule msana wanga," adayankha Bronte. "Ndi umene uziuona tsiku lonse."

2. Mawu a mwini famu

Asadanyamuke, Bambo Brandli adafika pa njinga yamoto ya mateyala anayi, galu wawo wokalamba atakhala kumbuyo. Adali munthu wamkulu wa imvi mbuu, amene adabwera kuchokera ku Switzerland ali mnyamata. Ngakhale adakhala kuno zaka zonsezi, lilime lakwawo silidawachoke.

Pamene anthu ankasonkhana, Darcy adanunkhiza masoseji otsala kumene ankaphikira.

"Undisungire mawuwo, bwana," Darcy adanong'oneza Bronte. "Ndikubwera pompano."

Adazemba chowerama, ndipo sadamve ngakhale liwu limodzi la zimene Bambo Brandli adanena.

"Ana inu, takulandirani," adayamba mkuluyo. "Ndili ndi mawu pang'ono. Njoka zilipo. Mukaiona imani, iyo ipita yokha, ilibe nanu nkhani. Moto musakoleze kutchire, ngakhale wa kamtengo kamodzi ka machesi. Udzu uwu wauma, ndipo mphepo ya kumpoto ikaugwira moto simungauthawe.

"Koma chachikulu ndi zipata. Anthu a m'tauni amabwera kuno ndi lamulo lawo lakuti chipata chilichonse chizitsekedwa. Lamulo limenelo ndi la pakhomo pa amayi anu. Kuno lamulo ndi lina. Chipata muchisiye mmene mwachipezera. Mukachipeza chotseka, dutsani, mutsekenso, ndipo womaliza agwedeze tcheni kuti atsimikize. Mukachipeza chotsegula, chisiyeni chotsegula, ngakhale manja akuyabweni chotani.

"Ine sindisiya chipata chotsegula chifukwa choiwala. Ndakalamba, inde, koma sindidafike pamenepo. Chaka chino mvula yavuta, madamu ena aphwa, tsono nkhosa zimadutsa pa zipata zina kupita kumene kuli madzi. Nkhosa yoyamwitsa sichedwa kugwa pa dzuwa ngati la lero. Mayi akagwa, kamwana nakonso kapita. Zaka zapitazo kudabwera anthu ojambula mbalame. Adali anthu aulemu kwambiri, adandibweretsera ndi keke yomwe. Pochoka adanditsekera chipata pofuna kundithandiza. Dzenje lokwiriramo nkhosa zakufa ndidakumba ndi thirakitala."

Ngakhale mapasa aja adaleka kutafuna.

"Basi," adatero Bambo Brandli. "Lero ndi Loweruka, ndikupita kutauni kukaona mkazi wanga ku nyumba yosamalira okalamba. Ndibwerako dzuwa litapendeka. Muyende bwino."

"Atsogoleri," adatero a Kapiteni, "onetsetsani kuti aliyense m'gulu lanu wamva zimenezi."

Koma Bronte adali atawerama kale pa mapu, pensulo ili pakamwa. Darcy adabwera akudzipukuta mafuta pachibwano.

"Anena chiyani agogowo?"

"Njoka, moto, zipata," adayankha Bronte osadzutsa mutu. "Nyamula chikwama, tachedwa."

3. Mwana woleredwa bwino

Bronte ankaidziwa kampasi. Gulu lake lidapeza mbendera yoyamba m'phanga la mtengo, ina pansi pa ngolo yakale, ina pakati pa miyala pamene akangaru adali atagona. Akangaruwo adadzuka monyinyirika n'kuchoka, ngati anthu osokonezedwa pa tulo ta masana.

Dzuwa lisadakwere kwambiri adadutsa busa la kumpoto. Damu la m'busamo lidali litauma, matope atang'ambikang'ambika. Nkhosa ndi ana ake zidali patali, zikudya m'mphepete mwa mitengo. Kumapeto kwa busalo kudali chipata chachikulu chachitsulo, chotsegula, ndipo kutsidya kwake kudali chomwera nkhosa chasimenti, chodzaza madzi ochokera pa pampu yoyendera mphepo.

Bronte adadutsa ali patsogolo, maso ali pa kampasi. Darcy adatsalira kumbuyo, akuti akumanga chingwe cha jombo. Adawapeza akuthamanga, nkhope ili mwee.

Atatolera kansalu komaliza adakwera kaphiri ka miyala. Dzuwa lidali paliwombo, ndipo ntchentche zidadzaza pamsana pa aliyense. Pamwamba pa kaphiriko adaona denga la shedi likunyezimira kumunsi. Pa wailesi ankamva Fergus akufunsa a Kapiteni ngati mbendera ya kumtsinje sidauluke ndi mphepo.

"Akadali kumtsinje!" adafuula Thuy. "Bronte, wapita ku likulu iwe!"

"Imwani madzi, kenako titsike," adatero Bronte, akuyesetsa kubisa kumwetulira.

Darcy adakhala pa mwala, n'kuvula chipewa.

"Komatu agogo aja andithokoze ine," adatero. "Mwina andipatsa kankhosa."

"Akuthokoze pa chiyani? Pomaliza masoseji?" adafunsa Thuy.

"Chipata chija cha pafupi ndi chomwera nkhosa. Anachisiya chili yasa! Nonsenu mwangodutsa ngati simukuona. Ine ndatseka, ndakoloweka ndi tcheni yomwe. Mwana woleredwa bwino ameneyu, mumuone."

Padalibe woseka. Mmodzi wa mapasa adatsitsa botolo lake pang'onopang'ono.

"Wati wachita chiyani?" adafunsa Bronte.

"Ndatseka chipata. Si iwe unati zipata?"

"Mayo ine," adatero Thuy, atagwira kumutu. "Darcy, damu lija ndi louma. Nkhosa zonse zija zimamwera kutsidya kwa chipatacho!"

Thuy adamufotokozera za anthu ojambula mbalame ndi za dzenje la thirakitala. Pamene ankamaliza, nkhope ya Darcy idali itasintha.

4. Wailesi

Bronte adatenga wailesi n'kufotokoza zonse mwachidule. Kenako a Kapiteni adayankha.

"Ndamva, Mackie. Zinthu zili chonchi. Galimoto yathu yapita kuchipatala ndi mnyamata amene walumidwa ndi njuchi n'kutupa, ndipo sindikudziwa kuti ibwera nthawi yanji. Bambo Brandli foni yawo amaisiya m'galimoto akakhala ndi mkazi wawo. Magulu enawo ali kutsidya la mtsinje. Apafupi ndi chipatacho ndinu. Madzi akumwa muli nawo okwanira?"

"Tili nawo, Madamu."

"Tsono mvetsera. Sindikukulamula. Ukatsikira kuno, ndituma anthu galimoto ikangofika. Ukabwerera, mpikisano suima kudikira iwe. Ndinalonjeza pamaso pa onse kuti malowo ndi a woyamba kufika, ndipo mawu anga sindisintha. Mtsogoleri ndiwe. Undiuze chimene wasankha."

Bronte adayang'ana anzake.

"Titsike mothamanga tikamalize, kenako tibwerere," adatero Thuy. "Shedi ndi iyo ikuonekayo."

"Tikatsika, tiyenera kukweranso phiri lino ndi kuyenda mtunda wonse uja," adayankha Bronte. "Tikafika kuchipata dzuwa litapendeka kale."

"Ku shedi kuli masoseji," adatero mmodzi wa mapasa, koma mawu ake adali opanda mphamvu.

Darcy adaimirira. "Ndipita ndekha. Ndalakwa ndine. Inu kamalizeni."

"Tikagawikana tatuluka ndithu," adatero Bronte. "Komanso iwe ukhoza kusochera ngakhale m'bafa."

"Bronte, malo ako aja..." adatero Darcy.

"Wolakwa si iwe wekha. A Kapiteni ananena kuti ndikufotokozere zonse. Ine ndinakupatsa mawu atatu basi."

Adayang'ana denga la shedi kamodzinso. Kenako adapinda mapu, n'kuwaika m'thumba la malaya, n'kudina batani la wailesi.

"Madamu, tikubwerera kuchipata."

"Ndamva," adayankha a Kapiteni. "Zipewa kumutu, ndipo muzimwa madzi."

5. Pa chipata

Nkhosazo adazimva asadazione. Kulira kwake kudali kwa mawu osasa, ndipo fumbi lidakwera pamwamba pa mitengo.

Zidali zitaunjikana pa chipata, mazana angapo, zikukankhana, zikununkhiza madzi amene sizikadawafika. Tiana tina tidapanikizika pakati pa miyendo ya zikuluzikulu.

Darcy adathamangira tcheni.

"Ima!" adatero Bronte. "Chipatachi chimatsegukira kumene kuli nkhosako. Ukachikankha uthyola tianato. Anyamata a kwa Nuske, lumphani mpanda, muyende pang'onopang'ono kutsogolo kwa chipata kuti zisunthire mmbuyo. Osakuwa, osathamanga."

Mapasawo adalumpha, n'kuyamba kuyenda manja atatambasula. Nkhosa zidasuntha monyinyirika.

"Tsopano, Darcy. Tsegula pang'ono chabe. Zikalowa zonse pamodzi zipondana pa chomwera."

Darcy adatsegula pang'ono monga adauzidwira. Koma nkhosa yoyamba kudutsa idali yaikulu ngati thumba la tirigu, ndipo idasankha njira ya pakati pa miyendo yake. Darcy adakwera pamsana pake chammbuyo, adayenda nayo pang'ono, kenako adatera chokhala pamalo pamene nkhosa zidakhala zikuima kwa nthawi yaitali.

"Yakuthokoza!" adafuula Thuy. "Si unkafuna kankhosa?"

"Usandiseke, iwe, ndanyowa mpaka m'kati!"

"Si madzi amenewo, aise!"

Ngakhale Bronte adaseka, chipata chili m'manja. Adalowetsa nkhosa m'magulumagulu, akudikira kuti zoyamba zimwe ndi kuti chomwera chidzazenso. Ntchitoyo idatenga nthawi yaitali. Thuy, pokhala ndi manja ang'onoang'ono, adamasula kamwana kamene kadakodwa mutu mu waya wa mpanda.

Zonse zitadutsa, nkhosa imodzi idatsala chigonere pafupi ndi mpanda, ikupuma mofulumira, kamwana kake kakuizungulira.

"Mthunzi," adatero Bronte. "Ndani ali ndi lona?"

Darcy adatulutsa lake m'chikwama. Ulendo uno adalimanga mosamala, mbali ina ku mpanda, mbali ina ku ndodo, ndipo silidagwe. Kenako adatunga madzi ndi chipewa chake, n'kugwada pafupi ndi nkhosayo.

"Imwani, mayi," adatero. "Pepani kwambiri. Ndine wa m'tauni."

Nthawi yomweyo wailesi idalira. Adali mawu a Fergus, akuuza a Kapiteni kuti gulu lake likuona shedi. Bronte adatsitsa mawu a wailesiyo, n'kupita kukatunga madzi ena.

6. Ulonda wa pambali

Bambo Brandli adawapeza pomwepo dzuwa litapendeka. Adali atamva nkhani kwa a Kapiteni. Adatsika pa njinga, adayendera nkhosa zimene zinkadya, adayang'ana chomwera, kenako adagwada movutikira pansi pa lona. Adaigwira nkhosa ija m'kamwa ndi m'makutu, n'kuikankha pang'ono ndi bondo. Nkhosayo idadzandira, koma idaimirira, ndipo kamwana kake kadathamangira kubere.

"Anatseka ndani?" adafunsa.

Darcy adabwera kutsogolo. Bronte nayenso adabwera.

"Ndafunsa munthu mmodzi."

"Anatseka ndi iye, koma amene sanamuuze ndine," adatero Bronte.

Mkuluyo adawayang'ana onse awiri.

"Iwe mnyamata, pamene mwini malo akulankhula, mimba izidikira. Iwe mtsikana, mawu a chenjezo sadulidwa. Ukapatsidwa athunthu, uwapereke athunthu, chifukwa chidutswa chimene wasiyacho ndi chimene chimapha. Mukadachedwa mpaka madzulo, bwenzi ndikuliza thirakitala tsopano lino kukakumba dzenje lina."

"Pepani, bambo," adatero onse awiri.

"Zatha. Khalani pansi, miyendo yanga yatopa."

Adatulutsa botolo la tiyi ndi mabisiketi olimba, ndipo mapasa aja adasendera pafupi.

"Ine ndimayesa kuti bivi ndi kugona panja ndi kudya masoseji," adatero Darcy akudzikanda. "Palibe anandiuza kuti pali kukwera nkhosa."

Bambo Brandli adaseka mpaka kutsokomola.

"Mawu akuti bivi amene mukuwatafunawo mumadziwa kumene adachokera? Ndi akwathu amenewo. Kale, m'mizinda ya kwathu monga Zurich ndi ya ku Aargau kumene ndidabadwira, munkakhala alonda olembedwa ntchito, oyendayenda m'misewu anthu akagona. Koma adali ochepa. Kukakhala chipwirikiti, kapena mphekesera yakuti adani ali pafupi, anthu wamba ankatuluka kukawathandiza. Wophika buledi, wosoka nsapato, wosula zitsulo, aliyense ndi nyali yake ndi ndodo yake. Gulu limenelo linkatchedwa Biwacht. Bi ndiye kuti pambali, Wacht ndiye ulonda. Ulonda wa pambali, ulonda wowonjezera.

"Masiku amenewo dziko lathu lidali losauka, ndipo anyamata ambiri ankakalembedwa usilikali ku France. Odziwa mbiri amati mwina ndiwo adapita nawo mawuwa kumeneko. Afalansa pakamwa pawo sipatha kunena Wacht, choncho adawapinda mpaka adakhala bivuwaki. Kwa iwo ankatanthauza gulu lonse la nkhondo kuchezera panja, zida zili m'manja, chifukwa mdani ali pafupi. Munthu wochezera chotero sakhoma tenti. Akhomerenji, poti mawa sadzakhalapo? Angerezi adabwereka mawuwa kwa Afalansa. Patapita zaka, ulonda uja udaiwalika, kudangotsala kugona panja kwa kanthawi. Inu a kuno mwawadulanso mchira, mwatsala ndi bivi."

"Ndiye kuti poyamba sankagona n'komwe?" adafunsa Thuy.

"Sankagona. Ankaima pambali pa mlonda wotopa. Tsono tamverani, ana inu. Ine ndine mlonda mmodzi pa famu yonseyi. Mawondo adatha, galu wanga ndi wogontha, ana anga ali kumizinda. Anzanga amandifunsa kuti ndimalolerenji ana a sukulu kupondaponda busa langa. Ndimawayankha kuti masiku awiri amenewa ndimakhala ndi maso ambiri. Mukagona pa nthaka ya munthu, ngakhale usiku umodzi, zake zonse zili m'manja mwanu: mpanda wake, madzi ake, ziweto zake. Mukadzakula mudzagona malo ambiri amene si anu. Muzidzafunsa kuti mlonda wa pano ndani, ndipo akusowa chiyani."

"Ndiye kuti ife ndife ophika buledi aja?" adatero Thuy.

"Inu anayi, inde. Uyu," adaloza Darcy ndi bisiketi, "ndi amene amayambitsa chipwirikiticho."

Onse adaseka, ndipo Darcy adaseka kuposa onse.

7. Pa shedi

Adafika pa shedi dzuwa likulowa, ali mbuu ndi fumbi, Darcy akuyenda yekha kumbuyo chifukwa cha fungo. Anzawo adawalandira ndi mluzu ndi kulira ngati nkhosa. Darcy adavula chipewa chake chonyowa, n'kuwerama ngati woimba pa bwalo.

Atadya masoseji ndi buledi, a Kapiteni adaimirira.

"Gulu lachitatu linagawikana pofunafuna mbendera, choncho latuluka. Gulu la Mackie lafika lachiwiri, ngakhale kuti lafika mochedwa kwambiri. Loyamba ndi la Lowe. Fergus Lowe ndiye adzapite ku maphunziro a atsogoleri."

Anthu adaomba m'manja. Bronte nayenso adaomba, mpaka zikhatho zidawawa. Kenako adatola mbale za gulu lake n'kupita nazo kuseri kwa shedi kumene kudali mpopi. A Kapiteni adamutsatira.

"Ukudziwa kuti sindingasinthe, Mackie."

"Ndikudziwa, Madamu."

"Zikukuwawa?"

"Kwambiri, Madamu."

"Ziwawe. Ukadapanda kumva kuwawa, ndikadadziwa kuti sunataye kanthu." Adamugwira paphewa, n'kubwerera kubwalo.

Bronte adatsuka mbale ziwiri. Asadayambe yachitatu adamva mapazi kumbuyo kwake. Adali Fergus. Munthu wopambana sayenda mmene ankayendera iye, akucheukacheuka, manja ali m'matumba.

"Wabwera kudzajambula chithunzi chija?" adafunsa Bronte.

"Mackie, ndikufuna ndikuuze kanthu. Usakuwe."

"Nena."

"Titamva pa wailesi kuti uli pa phiri, tinadulira njira. Tinadutsa pa chipata chofiira cha kufupi ndi msewu. Tinachipeza chotseka ndi tcheni."

"Ndiye?"

"Tinali pa liwiro. Ndafunsa aliyense m'gulu langa. Palibe amene akukumbuka kuti anatseka."

Bronte adatseka mpopi. "M'busa limenelo muli chiyani?"

"Ng'ombe zamphongo. Zikatuluka pa chipatacho zilowa m'kanjira kopita ku msewu waukulu, kumene kumadutsa malole a tirigu." Fergus adacheukanso. "A Kapiteni akamva, malo aja andilanda, ndipo wachiwiri ndiwe. Ndikudziwa zimenezo. Koma sindikudziwa wina woti ndimuuze."

Bronte adaika mbale pansi. Patsidya pa bwalo a Kapiteni adali kuthirira Bambo Brandli tiyi, onse awiri akuseka nthabwala ya Darcy.

Bronte asadatsegule pakamwa, kumsewu kudamveka hutala ya lole, yaitali, yosalekeza.